Msoko wa Makina Achiwiri

Lolemba, 17 Meyi

Mvula pang'ono. Bondo likuwawa. Anyamata a Mocanu, uja akufuna umeya, adutsa mumsewu wathu ndi lole. Khomo lililonse thumba la ufa wa tirigu. Loyera, lopanda dzina. Mkazi wanga Tudora walandira ine ndili kudimba. Akuti, "Ufa ulibe chipani, bambo inu."

Ndalitembenuza thumbalo. Ulusi wolumpha pakasanu ndi kawiri kalikonse. Makina achiwiri a kuchigayo kwathu amenewo. Zaka 34 ndikusokera matumba pamakina amene aja, ndingawaiwale?

Kampani ya chigayoyo ndili namo masheya 20, aja anatigawira boma litasiya mafakitale. Ndiye kuti andipatsa ufa wanga womwe kuti ndivotere munthu amene sindimufuna. Zikomo kwambiri.

Lachitatu, 19 Meyi

Kwa bwana Stanciu, mkulu wa kampani. Khofi m'kakapu kosakwana mlomo. Akuti, "Madala Neculai, ife ndale sitilowerera, zathu zonse zili poyera." Wandipatsa buku lonyezimira, pachikuto ana akumwetulira m'munda wa tirigu. Ndamuuza kuti magalasi ndaiwala kunyumba.

Magalasi ndilibe. Sindinakhalepo nawo. Anzanga ali kusukulu ine ndinali kuphiri ndi nkhosa. Zilembo zikuluzikulu ndikulembazi anandiphunzitsa kopolo wina ku usilikali, ndipo zanga zokha ndi zimene ndimawerenga bwino. Zosindikiza zija, ting'onoting'ono ngati nyerere, mzere umodzi fodya amatha kukamwa. Amadziwa ndi Tudora yekha.

Loweruka, 22 Meyi

Msonkhano wa eni masheya, m'holo ya kuchigayo. Ndalowa thumba lili paphewa, ndaliponya patebulo. Ndati, msoko uwu ndi wa ndani? Ena kuseka. Costache, tinkagwira limodzi ntchito, wakuwa kumbuyo, "Auze, mkamwini wa singano!"

Stanciu osatekeseka. Akuti funso labwino zedi, ndipo kampani ikukhazikitsa komiti yoona kuti ndalama zake sizikupita kundale. Wapampando wake? Ine. M'manja mwaombedwa. Ndisaname, ndinamva kukoma. Pobwerera bondo silinawawe.

Tudora sanadzutse ngakhale mutu pa mtanda wa buledi. "Munthu wakulembani ntchito zaka zonsezo asadziwe kuti simuwerenga? Asankha bwino."

Sindinadye buledi wakeyo.

Lachisanu, 28 Meyi

Abweretsa mapepala. Mulu wofika m'chigongono. Pamwamba kapepala kamodzi koti ndisayine Lachiwiri pamaso pa anthu: ndawerenga zonse, palibe kanthu kanapita kuchipani chilichonse. Zimenezo wandiuza ndi dalaivala amene anabweretsa.

Tsiku lonse ndakhala nawo pakhonde. Ndafika tsamba lachiwiri. Mawu amodzi ndawazindikira, "tirigu".

Ndikasayina, dzina langa likhala chivindikiro cha ufa wa Mocanu. Ndikakana, andifunsa kuti cholakwika chili patsamba liti. Ine amene ndinkakalipira ana a sukulu kuti sadziwa kumanga mfundo.

Tudora akuti ndinene kuti ndadwala. Zaka 76 sindinanamizirepo matenda.

Lachiwiri, 1 Juni

Holo yodzaza. Mtolankhani wa nyuzi ya m'boma lathu analiponso, anamuitana Stanciu yemwe kuti adzajambule ndikusayina. Stanciu wandipatsa cholembera chagolide.

Ndaimirira. Ndati, ine sindiwerenga. Sukulu sindinapondeko. Magalasi aja ndinkaiwala aja kulibe. Kapepalaka kakuti ndikudziwa zili m'mapepalamu, ndiye bwana ndiwerengereni mokweza, tsamba ndi tsamba, makutu ndili nawo.

Makutu anga omwewo anatentha ngati chitsulo cha pamoto.

Stanciu akuti, "Madala, zitenga tsiku lonse." Ndati ndinapuma ntchito, nthawi ndili nayo.

Anawerenga. Mothamanga ngati wansembe amene nkhomaliro ikumudikira. Ndinamubweza kanayi. Tsamba 41, mawu anatsika: matumba 900, mphatso kwa ovutika, kudzera ku bungwe lachifundo. Ndati bungwe la ndani? Anamwa madzi. La mkazi wa Mocanu.

Sindinasayine. Cholembera ndinabweza, sindine wakuba.

Lachisanu, 4 Juni

Nyuzi yatuluka. Tudora wandiwerengera: timizere titatu, pansi pa mitengo ya nkhumba. Stanciu akuti kunali kulakwitsa kwa kalaliki. Komiti ayimitsa kaye "kuti ikonzedwe bwino". Mavoti ndi Lamulungu, Mocanu akuyendabe ndi lole, tsopano ndi mafuta ophikira.

Koma m'tauni monse nkhani ili pakamwa. Osati ya ufa. Ya ine. Kusitolo mtsikana wandiwerengera mtengo wa machesi pang'onopang'ono, mokweza, ngati ndine wogontha. Wapositi akuti, "Bwanji simunanene kale, agogo?"

Masana kwabwera Costache, botolo la kachasu wa maplamu m'thumba la jekete, m'khwapa kabuku ka mdzukulu wake ka kalasi yoyamba. Akuti, "Wapampando, yambirani apa." Ndamuthamangitsa mpaka pageti. Botolo watenga, kabuku wasiya pabenchi.

Patsamba loyamba pali bakha. Pansi pake zilembo zosindikiza, koma zikuluzikulu ndithu. Tudora wapita kwa mchemwali wake, abwera cha m'ma faivi.