Nangozo Sanaphedwe: Chipepeso pa Imfa ya Bambo Flywell Chimbalanga

Kwa Mayi Lizzie Chimbalanga, mwana wawo Mada, abale a kuno ndi a ku Ntcheu, ndiponso onse amene ankawadziwa malemu,

Ife a Tiwete Pamodzi, bungwe la Amalawi ndi anzathu a ku Zambia oweta nkhuku ku Barking ndi ku Woolwich, talandira modzidzimuka ndiponso ndi chisoni chachikulu uthenga wakuti Bambo Flywell Chimbalanga, amene anayambitsa bungwe lino, atisiya Lolemba la sabata yatha atadwala masiku khumi okha. Imfayi sitinaiyembekezere, pakuti mwezi wathawu tinali nawo kudimba, ali ndi mphamvu zawo zonse, akutidzudzula monga mwa chizolowezi chawo kuti madzi a nkhuku zathu ndi akuda.

Malemuwa anafika kuno kudziko la azungu ali ndi zaka khumi ndi zinayi, makolo awo atathawa mavuto a ndale kwathu, ndipo anayendetsa mabasi a mumzinda uno zaka makumi atatu. Atapuma pantchito anabwereka kadimba ku khonsolo, n'kuyamba ndi misoti isanu ndi umodzi yakuda bii. Azungu nkhuku zimenezi amazitcha Australorp, koma iwo dzinalo analikana kwamtuwagalu, ankati, "Izi n'za Mikolongwe, ndazidziwira kwathu." Kuchokera m'khola limenelo, lero makomo makumi atatu ndi asanu ndi atatu akudya mazira a nkhuku zawozawo. Ndiwo anatiphunzitsa kulembetsa nkhuku kuboma, kuzitsekera m'nyengo ya chimfine cha mbalame, ndi kutchinga khola kuti nkhandwe zisakumbe pansi. Ndipo Lamulungu lililonse okalamba a mpingo wawo ankabwerera kunyumba ndi mazira asanu ndi limodzi m'chikwama.

Komabe mtima wawo unali pa kameta, nkhuku ya khosi lopanda nthenga ija imene kwathu timaiyang'ana ndi diso limodzi. Tsiku loyamba kupita ku chionetsero cha zaulimi ku Kent anapeza kameta ali m'kakhola kopukutidwa bwino, riboni ya mphoto ili pakhomo, azungu akumujambula. Anaseka mpaka misozi, koma pofika kunyumba anali atatsimikiza mtima kuti nawonso adzaweta wawo. Popeza kudimba salola tambala chifukwa cha phokoso, ankanyamula thadzi m'katoni, n'kukwera nalo sitima kupita kwa mlimi wina wa ku Essex amene anali ndi tambala wa mtunduwo. Tinkawaseka kuti asanduka ankhoswe a nkhuku. Tinawasekanso titawapeza akusambitsa nkhuku ndi madzi ofunda, akuitsuka miyendo ndi mswachi, bambo wa imvi zake. Iwo ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha. M'zaka zisanu ndi zinayi anabwera ndi riboni yachiwiri katatu, koma yofiira ya nambala wani inkawalaka. Chisanu chathachi nkhandwe inapeza mpata, ndipo pa akameta awo onse panatsala thadzi limodzi, lotchedwa Nangozo, limene analilembetsa ku chionetsero cha mwezi wamawa asanagonekedwe m'chipatala.

Ndi chilolezo cha banja, tikufuna onse adziwe zimene zinachitika pasiwa Lachitatu masana, chifukwa zayamba kale kufotokozedwa mokhota.

Anthu atachuluka, a Rogers, mchimwene wa Mayi Lizzie, amene anali atangofika kuchokera ku Luton, anachita zimene malume aliyense wodziwa mwambo akanachita. Pamaliro nkhuku za pakhomo ndizo zimayamba kugwa, choncho anatenga thumba n'kupita kudimba. Anasankhanso mwanzeru za kwathu: zakuda zoikira anazisiya, n'kugwira imene inkaoneka yosafunika pa zonse. Mpeni unali utanoledwa kale kuseri kwa nyumba pamene Mada, mwana yekhayo wa malemu, anaona khosi lofiira litasuzumira pathumba.

Mada ndi namwino, mayi wa ana awiri, wobadwira konkuno. Chichewa amachimva, koma chibadwire amayankha m'Chingerezi, ndipo m'khola la bambo ake anali asanapondemo chifukwa cha fungo. Tsikulo anatuluka, nagwada pa simenti yonyowa, nagwira thumbalo ndi manja awiri.

"Amalume, uyu ayi," anatero m'Chichewa. "Uyu ndi wa adadi. Ali ndi show."

"Iwe Mada, nanga anthuwa adya chiyani?" anafunsa a Rogers. "Ndasiya zamazira dala. Ukufuna atiseke kuti pamaliro a woweta nkhuku tinadyera kabichi?"

Koma Mada thumbalo sanalisiye. Pamenepo Mayi Lizzie, amene chiyambire malirowo anali asanakweze mawu, analankhula ali pamphasa pomwepo, chitseko chili chotsekula.

"Achimwene, bambo ake anadikira zaka makumi atatu ndi zinayi kuti mwanayu alankhule Chichewa. Lero walankhula. Mumvereni."

A Rogers anapukuta maso ndi mkono, n'kubwezera mpeni kukhitchini.

Tikunenetsa kuti a Rogers sanalakwe, ndipo tikuwathokoza chifukwa anamvera mwana wa mlongo wawo pamaso pa anthu, chinthu chimene si malume aliyense angachite. Maliro n'kulirana: ndiwo za pasiwa mpaka tsiku loika m'manda zichokera kwa mamembala, ndipo m'khola la malemu simutuluka nthenga ndi imodzi yomwe. Nangozo adzapita ku Kent. Mada wabwera kale kudimba kawiri kudzaphunzira kagwiridwe kake, mswachi wa bambo ake uli m'manja, ndipo a Rogers apempha okha kuti katoni adzanyamule ndi iwo. Riboni yofiira sitingailonjeze, poti oweruza ali ndi maso awo. Chimene tikulonjeza n'chakuti pakhomo pa kakhola ka Nangozo kuchionetseroko padzalembedwa dzina la Flywell Chimbalanga, ndipo tonse tidzaima pamenepo.

Mayi Lizzie, Mada ndi adzukulu, m'malo mwa mamembala onse tikupepesa kuchokera pansi pa mtima. Chauta amene anakupatsani bambo ameneyu akulimbitseni lero ndi m'masiku amene anthu adzakhale atabalalika, ndipo mudziwe kuti makomo athu onse ndi anu. Mzimu wa malemu uuse mumtendere. Za nkhuku zawo asade nkhawa: madzi tikusintha m'mawa uliwonse.

Mable Sakala
Wapampando, Tiwete Pamodzi
Barking