Diso Lanu Landilakwitsa ku Isipingo

Amayi, kumeneko mukukhalako bwanji?

Kuno ku Durban tilipo. Mlamu wanga, mkazi wa achimwene a Yohane, wachira mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Kumudzi akuti chimanga chachita bwino, koma mbuzi zinamaliza mbatata ya kudimba kwanu.

Ndili ndi choulula. Zanele, mwana wa abwana anga a ku Berea, amaphunzira za maganizo ndi khalidwe la anthu ku yunivesite. Anandipatsa ganyu ya Loweruka: kukhala pa renki, pokwerera matekisi, ku Isipingo, kapepala m'manja, n'kumachonga munthu akapereka malo pabenchi kwa agogo kapena mayi wapakati. Lamulo linali kuona basi. Osalankhula, osathandiza, anthu asadziwe n'komwe, chifukwa munthu akadziwa kuti akuonedwa amasintha. Kusalankhulako ndinakukonda, poti Chizulu changa chimandigulitsa kuti ndine wobwera.

Koma tsiku loyamba kunafika agogo a ndodo, anyamata atatu ali phee pabenchi, maso pafoni. Ndinapemphera chamumtima. Kenako ndinangowayang'ana, ndi diso lija munkatiyang'ana nalo m'tchalitchi tikamatsinana, lija munkati, "Pakamwa ndatseka, koma ndanena." Onse anadzambatuka, wina mpaka kupukuta benchi ndi chipewa. Ndinachonga atatu.

Ndatero masabata anayi. Zanele anadabwa: Lachitatu, pomwe amachonga mnzake wina, oimirira ndi ochepa, tsiku langa Isipingo yonse ndi angelo okhaokha. Anayamba kulemba zoti mwina Loweruka anthu amafewa mtima. Ine chakudya osalowa. Bodza lolembedwa ku yunivesite, gwero lake ine, mlembi wa kwaya! Komanso ndikaulula, ganyu yatha, mwinanso ntchito ya kunyumba kwa amayi ake.

Dzulo ndinaulula, misozi ili mbwembwembwe. Anaseka mpaka kukhala pansi. Atapuma anati mapepala anga onse ndi otaya, ndipo vuto langali lili ndi dzina kale m'mabuku mwawo. Sanandichotse. Tsopano ndizichonga poonera vidiyo ya pa renkipo, m'chipinda, momwe sindingaopseze munthu.

Ndayamba lero m'mawa. Muli mnyamata wa jekete yofiira, wakhala tambalale, mayi wapakati ali chiimire pambali pake. Ndabweza vidiyoyo kanayi, Amayi, ndikumuyang'anitsitsa. Sakuimirira.

Ndikulonjeza kuti ndichonga zoona zokhazokha, ngakhale zindiwawe. Koma nkhope yake ndaisunga, ndipo Lamulungu popita kutchalitchi ndimadzera pa renki pomwepo, ndilibe kapepala.

Ndimakukondani kwambiri.

Mwana wanu,
Esinati