Mpando kapena mpanda? Pasiwedi yavuta ku Joni

Aphungu,

Ndine mayi wa mwana mmodzi, ndimasoka zovala ku Manyamula. Amuna anga a Chikomeni amagwira ntchito ku Joni. Tikukhala bwino chomene, sindikudandaula. Tili ndi akaunti imodzi ya pa intaneti momwe ndimaikamo zithunzi ndi mavidiyo a mwana wathu Wezi, iwo n'kumaonera komweko.

Pasiwedi yathu inali dzina la Wezi. Mlamu wanga Feston adangoiganizira n'kulowa, mbwenu zithunzi zathu zili m'gulu la WhatsApp la abale onse. Panalibe choipa, koma ndidachita manyazi.

Mnzanga Fathiya, amene amagulitsa nsalu kumsika wa pa Boma, adati: "Lembani mawu ambiri pa timapepala, muponye m'beseni, mutole mutatsinzina. Za mwayi munthu sangaziganizire." Ndidatero, ndipo adatuluka awa: lichero, mpando, skapato, nkhuni.

Nditawauza pa foni, bambowo adalemba "lichelo", "mpanda" ndi "nsapato". Akaunti idawakana mpaka kuwatsekera. Sabata imeneyo Wezi adayamba kuyenda, koma bambo ake vidiyo sadaione. Adaseka, koma ndidamva kuti zawawawa. Akuti, "Mama, tibwerere ku dzina la mwana basi."

Ndiwamvere? Yewo.

K.J., Manyamula

Mayi K.J.,

Musabwerere. Dzina la Wezi amalidziwa ndi oyendetsa kabaza omwe. Fathiya adakuuzani zoona. Beseni silidalakwe, adalakwa ndi mawu amene mudaponyamo.

Khuthulani timapepalato muyambenso. Mawu aliwonse okhala ndi "l" kapena "r" achoke, chifukwa ife timalemba lichero lero, mawa lichelo. Achokenso mawu okhala ndi amapasa, monga mpando ndi mpanda, nkhuni ndi nkhuli: kusiyana kwa chilembo chimodzi sikumveka pa foni ya ku Joni. Sankhani chiyankhulo chimodzi. Kaya Chitumbuka kaya Chichewa, zonse n'zabwino, koma skapato ndi nsapato zisakhale m'beseni limodzi.

Otsalawo akhale afupi, a zinthu zooneka ndi maso: mbuzi, sopo, dengu, bokosi, mango. Mawu otere amakhazikika m'mutu, chifukwa mukhoza kupanga kanthano: mbuzi yadya sopo m'dengu.

Chinanso, beseni lidzaze. Mawu makumi awiri ndi ochepa. Lembani mazana angapo, pang'onopang'ono mukamapuma pa makina. Kuti muwayese, muwerengereni Fathiya pa tsiku la msika, phokoso lili pakati, iye azilemba. Amene walemba mosiyana ndi inu, atayeni. Kenako muli nokha tolani asanu ndi limodzi kapena kuposa, ndipo amene atuluka ndi omwewo. Mukayamba kusankha okukomerani, mwabwerera kwa Feston.

Bambowo auzeni pakamwa, awabwereze mpaka agwirizane ndi anu. Muikenso nambala yanu ya foni pa akauntiyo kuti mukadzaiwala mudzathe kutsegula. Vidiyo ya Wezi atumizireni lero lomwe, isadikire zonsezi.

Chenjezo: mawu achinsinsiwo musawalembe pa WhatsApp, ndipo woimba foni kuti ndi wa kukampani musamuuze. Komanso mbuzi yanga ija ndi sopo wake musaigwiritse ntchito. Yawerengedwa ndi dziko lonse, alamu anu omwe.

Aphungu