Zolemba Zanu Pamkono Wanga

Amayi, kaya mukukhala bwanji uko munapitako?

Kuno ku Mbungo pa Likoma tilipo, kungoti kukhala kwake n'kwa anthu osiyidwa. Yakwana miyezi khumi chikuikireni m'manda, koma ndikamachokera ku Chipyela maso anga amayambabe afika patsinde pa mango paja munkasendera chinangwa. Ndiyambe ndi yabwino. Mkazi wa mwana wanu Yohane wachira, mwana wamkazi. Bambo wake wangomuonera pafoni, ali ku Joni komweko. Khandalo latengera chipumi chanu, ndipo likakwiya limachita tsinya ngati inu tsiku lija mbuzi za ku Yofu zinalowa m'munda mwathu. Usipa ukusowa, mwera sukulola anthu kulowa panyanja. Chitseko cha kukhitchini chinaguluka, tangochitsamiritsa ndi mtondo.

Bambo ndiwo akundidetsa nkhawa. Maso aja atheratu. Kudya akungolawa. Ndikaphika ya chimanga amakankha mbale, amati zaka zawo za ku Bulawayo anaidya yokwanira moyo wonse. Amafuna kondowole, koma nayenso amangotema kawiri n'kupempha madzi osamba m'manja. Lamba wawo ndamuboolanso kachiwiri.

Tsopano khalani pansi bwino, Amayi, chifukwa ndabwera ndi mlandu. Ndinakadinditsa tatuu pamkono. Inde, ine Monika wanu yemweyu, mayi wamkulu, woimba kwaya.

Mukukumbuka matumba a ufa wa kondowole amene munkanditumizira pasitima ndikugwira ntchito ku Mzuzu? Pathumba lililonse munkamangirira kachikatoni. Dzina langa ankalemba ndi Yohane, koma pansi pake inuyo, ndi dzanja lanu lija losazolowera cholembera, munkawonjezera mawu awiri: Udye kaye. Ndi omwe munkandiuza ndikabwera ndi misozi, kaya ndalephera mayeso, kaya tsiku lija banja langa linatha. Nkhani simunkaimva munthu asanadye. Tizikatoni tonse ndinataya, kupatula kamodzi, komaliza. Inki yake inayamba kufufutika, ndipo ine ndinachita mantha.

Mwezi watha, nditapita kukatenga katundu wanga wotsala ku Mzuzu, ndinakalowa kwa munthu wodinda matatuu. Anakopera zolemba zanu pakapepala kopyapyala, ndi kupendekeka kwake komwe, n'kuzidinda mkati mwa mkono, pamwamba pang'ono pa dzanja. Anandifunsa kawiri ngati ndikufunadi mkono wamanja, wogwirira ntchito. Ndinati ndi womwe ndimadyera. Atatha anafuna kujambula ndi foni kuti azionetsa anthu ena, ine ndinakana, kuopa kuti chithunzicho chingafike pa Likoma ine ndisanafike.

Pobwerera mwera unatipeza pakati pa nyanja. Funde linakwera pomwe tinaunjika katundu, chikwama changa chinamwa madzi, ndipo pomwe tinkatsika ku Chipyela kachikatoni kaja kanali katasanduka phala. Ndinamuimbira wodindayo. Anati kapepala kokopera kaja anataya tsiku lomwelo. Ndiye mumvetse, Amayi: padziko lonse lino, zolemba zanu zinangotsala pakhungu langa basi, pabala losapola.

Anali atandipatsa kachubu ka mafuta kosaposa chala changa chachikulu, ndi malamulo ake. Kutsuka ndi madzi owiritsa ozizira ndi sopo wosanunkhira. Kuumitsa mongogunditsa kansalu koyera, osakhula. Kupaka mafuta pang'ono zedi, ongowalitsa khungu, katatu patsiku. Osakanda, osauika padzuwa, ndipo sabata zitatu zathunthu osauviika m'madzi. Apa ndinaseka. Munthu wa pachilumba kumuletsa madzi, ndiye akhale kuti?

Komabe ndinamvera kuposa mmene ndinkakumvererani inu. Posamba ndinkakweza mkono m'mwamba ngati mwana wasukulu wodziwa yankho. Kuchapa ndinkachapa ndi dzanja lamanzere, zovala n'kumatuluka ndi litsiro lake. Ndinkavala malaya a manja aatali ngakhale kutenthe. Tsiku lachisanu panayamba kuyabwa, Amayi, kuyabwa kofika m'mano. Ndinkangomenya m'mbali mwake ndi zala, kwinaku ndikukumbuka mawu anu aja akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthawi yopaka mafuta inasanduka nthawi yanga yocheza nanu. Chala chinkayenda pang'onopang'ono potsata momwe cholembera chanu chinadutsa, ndipo ndinkadziwa pomwe dzanja lanu linanjenjemera.

Mng'ono wanu, mayi aang'ono a Edita, anandipeza ndikupaka kuseri kwa nyumba. Anandiwerengera malemba oletsa kudzicheka chifukwa cha akufa. Ine ndinangoyang'ana mphini zili m'mbali mwa maso awo, zomwe anakutemani nonse awiri muli atsikana chifukwa cha mutu waching'alang'ala. Mkwiyo utatsika anafuna kundithandiza monga mmene iwo amadziwira. Anati bala lotere silifuna mafuta a m'sitolo, likufuna phulusa ndi mafuta a nsatsi, ngati mphini. Nditakana anamanga chitenje n'kunyamuka, akunena kuti walira mvula walira matope. Kuyambira tsiku limenelo sanapondenso pakhomo pano.

Kenaka ufa unatha. Ndinakakumba chinangwa cha kumunda wa kumtunda, chomaliza chomwe munabzala ndi manja anu. Kusenda ndinasenda mosamala, n'kuviika mumgolo wathu uja. Koma mukudziwa kuti chinangwa chikafewa sichidikira munthu. Tsiku lachinayi chinafunika kuvuula, kufinya ndi kuyanika pathanthwe, apo ayi chiwolere momwemo, ndipo ntchito imeneyo si ya dzanja limodzi. Mlamu wanga anali asanatuluke m'chikuta. Kwa mayi aang'ono ndikanatha kupita, ndi pafupi, koma mtima unakula. Bambo anali atagona ndi tiyi yekha masiku awiri. Ndinati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Nzeru yomwe ndinapeza ndi yomwe inandipweteka. Ndinakulunga mkono ndi jumbo, n'kumanga uku ndi uku ndi mphira ya chubu cha njinga, monga mmene asodzi amatetezera mafoni awo m'bwato. Ndinapisa manja mumgolo m'mawa wonse. Sindinamve kanthu, poti manja onse anali atazizira. Pomasula, m'jumbomo munatuluka madzi owawasa aja, onunkha. Anali atalowa kalekale n'kusowa potulukira. Khungu linali litayera mbuu n'kuchita makwinya.

Patatha masiku awiri mkono unatupa n'kutentha, mafinya n'kuyamba kutuluka. Ndinayenda wapansi mpaka kuchipatala ku Chipyela. Namwino anapukusa mutu, anati bola ndikanangopisa mkono wopanda kanthu n'kuutsuka msanga, kusiyana n'kuusungira madzi oipa m'pepala. Anandipatsa mapilitsi, natsuka balalo, ine ndikuyang'ana kumbali. Panabwera nkhanambo yaikulu. Sindinaikhudze, ndikulumbira, koma itagwa yokha inapita ndi inki.

Lero mawu oyamba akuwerengeka, ngakhale afufuma ngati zolembedwa papepala lonyowa. Achiwiri palibe. Pangotsala chipsera chofiirira ndi timadontho takuda. Wodinda uja akuti pakapola ndipite akabwezeretse. Akabwezeretse poonera pati? Lidzakhala dzanja lake, osati lanu. Ndinalira kuseri kwa khitchini kuposa mmene ndinalirira kumanda, chifukwa kumanda anakutengani ndi Mulungu, koma apa ndakutayani ndekha ndi manja anga.

Ufa wokha unatuluka woyera bwino, ngati wanu. Lamlungu lapitali, titabwera kutchalitchi, ndinaphika n'kuwagwadira bambo ndi madzi osamba m'manja. M'malo motambasula manja, anandigwira mkono. Mayi aang'ono anali atawauza kale zonse kutchalitchi. Ndinadikira kukalipiridwa. Iwo anayendetsa chala chachikulu pamwamba pa khungu lokakala lija, uku ndi uku, ngati akusankha miyala mumpunga, kenaka anafunsa kuti palembedwa chiyani. Ndinawauza mawu onse awiri. Zoti theka lapita sindinanene.

Mkono wanga sanausiye.

"Inenso ankandiuza choncho ndikatsika sitima," anatero. "Ndisanavule n'komwe nsapato."

Tsiku limenelo anamaliza mbale yonse, koyamba chichokereni inu. Sindikunamizeni kuti achira, pakuti dzulo abwereranso kulawa. Koma atasamba m'manja anatembenukira komwe ndinali, ndi maso awo osaona aja.

"Nanga iwe, Monika, wadya?"

Ndinali ndisanadye, Amayi. Ndinali ndisanadye chakudya chenicheni kuyambira tsiku lomwe nkhanambo inagwa, ndipo palibe anazindikira, ngakhale ine mwini.

M'kachubu muja mwatsala mafuta ochita kufinya ndi mano. Ndikupakabe, pomwe pali mawu ndi pomwe palibe, chimodzimodzi. Chala chikudziwabe njira yake pachipserapo, kungoti sindikudziwa chidzaikumbukira mpaka liti. Mawa ndipita kwa mayi aang'ono kukapepesa, chifukwa mgolo wina ukufunika kuviika ndipo mkonowu sulowanso m'madzi mpaka upole. Mbewu ya chinangwa chanu ndasunga, ili pamthunzi kudikira mvula.

Mundikhululukire posasunga bwino chomwe munandisiyira. Ndimakukondani, ndipo ndakusowani koopsa. Ndikulonjeza kuti chatsalachi ndichisamala, bambo sindiwagoneka ndi tiyi yekha, ndipo ineyo, ndisanayambe kulira, ndizidya kaye.

Ndine mwana wanu,
Monika