Natasha wayamba ntchito

Okondedwa azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Dedzako. Ife kuno ku Mkanda tilipo, kungoti sopo ndi mchere zakweranso mtengo.

Lolemba anzanga amene timasankha nawo mtedza kwa a Hashim anandituma kukapempha kuti atikwezere malipiro. Bwanawo sanakalipe ayi. Anangondilozera azimayi odikira ntchito pageti, nati, "Eliza, awo akuti angalandire ngakhale theka." Pocheuka, ndinapeza anzanga aja atawerama kale pamalichero awo.

Nkhani yabwino ndi yakuti mwana wanu Natasha, amene munamutumiza kuno kudzafuna ntchito, wayamba Lachiwiri komweko. Musamudzudzule, sanadziwe kanthu. Ndamupatsa lichero langa lija, poti ine masiku ano ndikungokhala pakhomo.

Mupereke moni kwa onse.

Ndine mwana wanu,
Eliza