Buledi ndi Mchere wa Mayi Halina

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji? Ine kuno ku Sheffield thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo. Kalatayi ndayiyamba katatu, ndikumanyamuka kukapukuta mawindo oyera kale. Lero sindikupita ku ntchito, ndiye kothawira kwandithera.

Ndiyambe ndi zabwino, paja munkati nkhani yoipa ikatsogola imatseka makutu. Mkazi wa mchimwene wanga Limbani wabereka mwana wamkazi ku Ntcheu, ndipo amutcha dzina lanu. Pachithunzi mphumi ndi yanu yomwe ija, yonga akufuna kufunsa amene wasiya chitseko chosatseka. Kachewere wachita bwino m'munda wakumtunda, koma chimanga chinapserera. Nkhwani wanga wa kuseri kwa nyumba kuno wadyedwa ndi nkhono, ndangotsala ndi mapesi.

Tsono nkhani yandikhazika pansi ndi ya mdzukulu wanu Tadala. Pomwalira munamusiya akumaliza sukulu, pano akugwira ntchito mu ofesi ku Leeds, ndipo wapeza mwamuna. Dzina lake ndi Tomasi, makolo ake anachokera ku Poland. Ndi munthu waulemu, nsapato amavula pakhomo osauzidwa. Anakumana ku gulu lowerenga mabuku, mabuku omwe aja munkamuseka nawo mutabwera kudzationa, muli mwana ameneyu adzakwatiwa ndi pepala. Munalosera, Amayi, kungoti pepalalo labwera ndi ndevu.

Mabukuwo ndi nkhani zachikondi zopeka kuchokera ku nthano za kwawo kwa Tomasi ndi mayiko oyandikana nawo. Mumakhala mtsikana woyenda ulendo wautali m'nkhalango yozizira kufuna wokondedwa wake, nyumba yoyenda ndi miyendo ya nkhuku, kamzimu kokhala kuseri kwa mbaula, akazi a m'mitsinje okokera amuna pansi pa madzi. Ine ndinkaziyesa zachibwana, ndipo ena ndinkawabisa kukabwera anzathu a mapemphero.

Masabata atatu apitawo tinaitanidwa ku Leeds kukadziwana ndi asewele anga, mayi ake a Tomasi, Mayi Halina. Ndinavala chitenje chanu chobiriwira pansi pa jekete. Titagogoda, mayiwo anatulukira atanyamula buledi wamkulu wobulungira pa nsalu yopeta maluwa ofiira, pamwamba pake pali kambale ka mchere. Anaima pachitseko penipeni, akumwetulira, nandilozetsa ine. Tadala anandinong'oneza kuti, "Mum, nyemani buledi, mususe mu mchere, mudye."

Amayi, dzanja linakana. Ndinamva mawu anu m'khutu ngati mwaima kumbuyo kwanga: mchere wa munthu amene sukudziwa m'mene wagonera usaulawe, umadula. Ndinaona miyendo ya abambo itatupa pa mkeka paja, ndi azakhali akunong'onezana za mdulo. Ndine namwino zaka zonsezi, ndikudziwa bwino lomwe kuti chinawatenga abambo ndi matenda a mtima, ndipo pa wodi ndimafotokozera anthu zimenezi tsiku ndi tsiku. Koma pakhomo paja sukulu yonse inathawa, panatsala mwana wanu. Ndinabwerera m'mbuyo phazi limodzi n'kunena kuti, "No, thank you, I have BP." BP yake iti, ine amene ndimathira mchere ndisanalawe n'komwe.

Mayi Halina anayang'ana buledi wawo, kenaka anayang'ana mwana wawo. Anakasiya bulediyo kukhitchini. Tinadya, tinacheza za nyengo, koma mumadziwa m'mene nyumba imakhalira mukagwa chinthu aliyense n'kumayesa sanamve. Pondiperekeza ku sitima Tadala anangoti, "Aphika okha buledi uja kuyambira m'mawa, chifukwa cha inu." Chichokereni tsikulo foni yanga sayankha. Uthenga amawerenga, ndimaona, koma zii.

Sabata yatha papositi panabwera buku lochokera kwa Tadala, lopanda kalata, tsamba limodzi atalipinda pakona. Ndinafuna kulisiya, ndili ine ndiwerenge za nyumba ya miyendo ya nkhuku pa msinkhu uno? Koma ndinalitsegula mu tiramu, kasitima ka m'tauni, popita ku ntchito. Mtsikana wa m'bukumo mwamuna wake wagwidwa ndi mfumu ya chisanu, ndiye wayenda mpaka nsapato zatha. Pa tsamba lopindalo wafika pakhomo pa mayi wina amene akudziwa njira, mayiyo wamutulutsira buledi ndi mchere. Mtsikanayo, poopa kuti muli mankhwala, wakana. Bukulo likuti kwa anthu amenewo wodya mchere wako sangakhalenso mdani wako, ndipo woukana wanena yekha chimene wadzera. Chitseko chinatsekedwa, njira inamera minga.

Ndinapitirira potsikira panga ndi malo awiri, Amayi, ndinachita kuthamanga chikweza cha ku chipatala ngati mwana wochedwa ku sukulu. Manyazi ndi amene anandigwira kwambiri. Ndiye kuti Mayi Halina ankandiuza kuti lowani, ndinu wathu, ine n'kuwayankha kuti ndikukukayikirani. Tonse awiri timaulemekeza mchere, kungoti iwo amaupereka, ife timauzemba.

Ndikuululireni, bukulo ndalimaliza, ndipo ndagula lachiwiri lake ndekha. Mwamuna wa mtsikanayo sanandigwire mtima, amangokhala m'ndende kudikira, ngati amuna ena amene inu ndi ine tikuwadziwa. Chimene ndinkathamangira masamba n'choti ndione ngati chitseko chija chinatsegukanso. Chinatseguka, koma mtsikanayo anachita kubwerera yekha, n'kunena pakhomo chimene ankaopa, osakometsa. Ndaona tsopano chimene Tadala wakhala akupezamo zaka zonsezi, ndipo zikundiwawa kuti ndinkamubisira mabuku m'malo momufunsa.

Nanenso ndili ndi mlandu wina. Tadala za mdulo sadziwa. Sindinamuuzepo, ndinkati zimenezo tinazisiya kumudzi. Iye akuganiza kuti ndinakana chifukwa Tomasi ndi mzungu, kapena chifukwa ndimanyansidwa ndi mwambo wawo. Mwana wodziwa mizimu yonse ya m'nkhalango za eni ake sadziwa chimene agogo ake ankaitanira kamtsikana ka pakhomo loyandikana kudzathira mchere mu ndiwo masiku ena. Wolakwa pamenepo si iye.

Ndakwiya nanu pang'ono, ndisabise. Munandiika mantha amenewa mozama kuposa m'mene sukulu ingafikire. Koma ndikudziwanso kuti munkatchinjiriza ana anu ndi chimene munali nacho, ndipo munali mutaika kale mwamuna m'manda. Mukanakhalapo bwenzi mutandikalipira kuti mwana wa mwini wakuphikira, iwe n'kumunamiza matenda. Kapena bwenzi mutati ndachita bwino. Sindikudziwa, ndipo kusadziwako n'kumene kukundiyendetsa m'nyumba muno.

Tikiti ya sitima ya Loweruka ndagula kale. Tadala ndamulembera kuti ndikubwera, sanayankhe. Ndikagogoda kwa Mayi Halina, ndikawauze za abambo, za miyendo yotupa, za inu, m'Chingerezi changa cha pa wodi. Kenaka ndikapemphe buledi, ngakhale wogula m'sitolo, ndi mchere wochokera m'manja mwawo. Mwina akatsegula, mwina ayi. Ndikuopa, ndipo sindikudziwa ngati ndikuopa chitseko kapena mcherewo.

Mundikhululukire, Amayi, lamulo lanu ili lokha ndiliphwanya. Miyendo ikafuna kutupa itupe, koma mdzukulu wanu sindimutaya, ndakulonjezani.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati