Chipeso cha Mayi a Kadona

Okondeka alamu,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi onse pakhomopo. Mwendo wa apongozi uli bwanji? Kadona amafunsa kawirikawiri ngati agogo ake ayambanso kuyenda opanda ndodo. Ife kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Kufakitale ntchito ndi yomwe ija, magetsi kuzima, ine kuyatsa.

Ndachedwa kuyankha kalata yanu, koma si mwano ayi. Ndinamva zomwe munanena, kuti tchuthi chikatha ana abwere kwanuko adzayambire sukulu kumeneko, poti mwamuna ali yekha sangathe kulera mwana wamkazi. Munafunsanso kuti tsitsi la Kadona azimuluka ndani. Funso limenelo linandikhala pamtima chifukwa yankho ndinalibe. Chitisiyireni mng'ono wanu, mayi a nyumba yoyandikana nafe ndiwo ankamuluka, koma tsopano anasamuka.

Ndisanayankhe, lolani ndikuuzeni za kaulendo komwe tinayenda.

Mukukumbukira kuti mayi awo ali pa mphasa ankawalonjeza anawa kuti akachira adzawatengera ku mzinda waukulu akaone masitepe oyenda okha. Lonjezolo linatsala m'nyumba muno ngati chovala chopachika pamsomali, tonse kumaliona, wolikhudza palibe. Sukulu atatsekera ndinapempha masiku ochepa kuntchito, n'kuwauza ana kuti alongedze. Kapitao, mzime wathu uja, analongedza nsapato imodzi ndi galimoto yake ya mawaya. M'basi anakhala pawindo, njira yonse akulamula adalaivala kuti apitirire malole.

Tinapeza chipinda cham'mwamba m'nyumba yogona alendo, mabedi awiri ndi windo loyang'ana kumsewu. Makatani ake anali achikasu, moti dzuwa likatuluka chipinda chonse chinkasanduka ngati tili m'kati mwa dzira. Phokoso la mzinda likamafika m'mwambamo linkamveka ngati mvula ikugwa kutali. Ndinkadzuka ana asanadzuke n'kumangomvera, osadziwa bwino ngati ndili maso. Kangapo konse ndinatembenuka kuti ndimuuze mayi awo kuti tamvera.

Masitepe aja tinawapeza m'nyumba yaikulu ya masitolo. Kapitao anayamba wakana, akuti chinthucho chimudya mapazi. Atangolawa kamodzi, tinakwera ndi kutsika mpaka mlonda anabwera kudzafunsa ngati tili ndi chochita kumwambako. Kadona yekha ankakwera dzanja lili pa chogwirira, maso m'mwamba kumene kunali denga lagalasi ndi mitambo ikudutsa. Anati zikukhala ngati kumaloto, komwe munthu amayenda osaponda. Kenaka anandifunsa ngati mayi ake anakwera chonchi popita. Ndinamuuza kuti sindikudziwa. Anagwedeza mutu, tinakweranso.

Potuluka tinadziona m'galasi la sitolo ina, atatu tili pamzere. Pakati pa ine ndi Kadona panali mpata wokwana munthu. Ndi pomwe ndinazindikira kuti timayenda chotero kulikonse.

M'mawa mwake vuto lanu lija linatipeza. Mizere ya Kadona inali itamasuka, tsitsi lili nyankhalala, ndipo anakana kutuluka m'chipinda. Ndinamukhazika pansi pakati pa mawondo anga n'kuchita zomwe manja anga amadziwa. Ndinagawa tsitsi pawiripawiri n'kulipota ngati mawaya, kunsonga n'kukulunga tepi yakuda ya magetsi yomwe siichoka m'thumba mwanga. Anadziyang'ana pa kalilole nthawi yaitali, n'kuvala nsapato.

Sitinapite patali. Pakhomo la saluni ina panakhala mayi wonenepa, mwini wake, amene anatiimitsa ndi kufunsa kuti wamulakwira mwanayu ndani, akamangidwe lero lomwe. Kadona anatukula chibwano n'kuyankha kuti ndi bambo ake, ndipo ndi amagetsi. Alamu, amayi a m'saluniyo anaseka mpaka wina anagwetsa chipeso. Wina anafunsa ngati ayambe azimitsa kaye pa meni switchi asanamugwire mwanayo. Wina anati n'chifukwa chake kamtsikanaka kakuwala chonchi. Ndiye mwini saluni anafunsa kuti nanga mayi ake ali kuti. Kapitao ndiye anayankha, akuti ali kumalo komwe sikupita basi.

Kuseka kunathera pomwepo. Mayi uja anatilowetsa, nati amuluka yekha. Koma Kadona anakangamira buluku langa, akuti akufuna bambo ake. Mayiyo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kukankhira kampando kwa ine, nati ndiye khalani pansi, bambo amagetsi, sukulu yatsegulidwa.

Tepi ija inavuta kuchotsa, mpaka inalowa sizasi, ndipo tsitsi pang'ono linapita nayo. Ndikuuziranitu kuti musadzadabwe. Atatero mayiyo anandionetsa kuti waya amapota zingwe ziwiri, koma tsitsi amaluka zitatu, ndipo chachitatucho ndicho chimagwira zinzake kuti zisamasuke. Ndikakoka kwambiri ankandimenya padzanja, akuti zala zangazi ndi pulayala, uyu ndi mwana osati mtengo wa magetsi. Ndikafulumira ankati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sindikudziwa kuti masanawo anatha bwanji. Munali fungo la mafuta a tsitsi, makina oumitsira akung'ung'udza, dzuwa likuyenda pang'onopang'ono pakhoma. Kapitao anagona pamiyendo pa mayi wina yemwe sitikumudziwa n'komwe. Mutu wa Kadona unayamba kulemera pabondo langa, monga unkachitira pabondo la mayi ake pakhonde Loweruka masana. Kuseri kwa khutu lake lakumanzere ndinapeza kachipsera komwe sindinkakadziwa. Ali m'tulo theka, Kadona anandiuza kuti pamenepo amayi ankadumphapo. Ndinadumphapo nanenso.

Mizere inatuluka yokhotakhota ngati njira ya munthu wochokera kumowa. Mwini saluni anati abwerezeko iwiri yakutsogolo kuti mwana asachite manyazi. Kadona anaphimba mutu ndi manja onse awiri. Anayenda nayo mzinda wonse, anabwera nayo kuno, ndipo wapita nayo kutchalitchi.

Chibwerereni, nthawi yopuma kuntchito ndimatenga nthambo zitatu zotha ntchito n'kumaluka. Anzanga akuti ndayamba misala. Loweruka lapitali ndinamulukanso Kadona, ndipo analira kamodzi kokha.

Alamu, sindikukana kuti anawa ndi anu. Mukuwafuna chifukwa ndi magazi a mng'ono wanu, ndipo kwanuko sangagone ndi njala kapena kusowa wowasambitsa. Ine pali zambiri zomwe sindizidziwa. Phala ndimapsereza, mabatani ndimasokerera mokhota. Koma nyumba ino ikachokanso anawa, sindikudziwa kuti ndizidzabwerera kwa yani ndikaweruka.

Pempho langa ndi limodzi. M'sutikesi ya mayi awo, yomwe inapita kwanuko pambuyo pa maliro, muli chipeso chamtengo chothyoka dzino limodzi. Kadona akuti chapulasitiki chomwe ndinagula chimaluma. Chonde mupatsire munthu wobwera kuno. Chikafika, ndidziwa kuti mwandilola kukhala nawo, ndipo tchuthi chilichonse azibwera kwa inu. Chikapanda kufika sukulu isanatsegulidwe, ndidzawaperekeza ndekha monga munanenera, ndipo sindidzakangana nanu. Anawa sindinawauze kanthu. Kadona akungodziwa kuti ndaitanitsa chipeso.

Mundiperekere moni kwa apongozi, muwauze kuti mankhwala opaka aja asawasiye. Moni kwa amuna anu, kwa malume a anawa, ndi kwa ana anu onse. Kapitao akuti muwauze agogo ake kuti masitepe sanamudye. Kadona akuti amayi aakulu akadzaona mutu wake aseke pang'ono pokha.

Tsalani bwino.

Ine mlamu wanu,
Bambo a Kadona